Mvuu za ku St Lucia si zoweta: pempho kwa oyenda ulendo wa pagalimoto

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yathuyi ndilankhulepo za tauni ya St Lucia, yomwe ili m'chigawo cha KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa, chifukwa zithunzi za mvuu zikuyenda m'misewu ya tauniyi usiku zafala pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo aliyense woziona amalakalaka atapatukirako akadzakhala pa ulendo wa pagalimoto wa kumeneko. Ine ndinafikako, ndipo sindikuletsa munthu kupitako, chifukwa malowo ndi okongoladi. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi momwe malowa akufotokozedwera, ngati kuti ndi poimapo kwa ola limodzi, kujambula mvuu, kukwera galimoto n'kumapita. Mlendo wochita zimenezi amaika moyo wake pachiswe chifukwa amayesa nyamazo ndi zoweta, ndipo amachoka asanadziwe kuti nyama zonse zomwe wazionazo zimadalira madzi amene anthu akhala akukanganirana kuyambira m'zaka za m'ma 1950.

Woyenda pagalimoto kuchokera ku Durban amatsata msewu wa N2 kulowera kumpoto, kudutsa minda ya nzimbe ndi ya bulugamu, mpaka kufika ku Mtubatuba, komwe amapatukira kum'mawa mu msewu wa R618. Mtunda wonse ndi wa makilomita pafupifupi 240. Tauni ya St Lucia amailowera pa mlatho umodzi wokha, umene uli pamwamba pa ngalande yolumikiza nyanja ya St Lucia ndi nyanja yamchere ya Indian Ocean, ndipo munthu akangowoloka mlathowo amakhala kuti wazunguliridwa ndi malo osungirako zachilengedwe a iSimangaliso Wetland Park mbali zonse. Palibe mpanda wolekanitsa nyumba za anthu ndi ngalandeyo. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1895, kutanthauza kuti ali m'gulu la malo akale kwambiri osungirako nyama mu Africa, ndipo mu Disembala 1999 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, nthawi imodzi ndi Robben Island. Dzina la iSimangaliso linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007. Gombe lake ndi lotalika makilomita oposa 200, kuyambira ku Maphelane kum'mwera mpaka ku Kosi Bay pa malire a dziko la Mozambique.

Tsono nkhani ya mvuu iyenera kumveka bwino. Mvuu imakhala m'madzi usana wonse chifukwa khungu lake silipirira dzuwa, koma chakudya chake ndi udzu wa kumtunda, ndipo mvuu yaikulu imatha kudya udzu wokwana makilogalamu pafupifupi 40 usiku umodzi. Dzuwa likalowa imatuluka n'kutsata njira zake zomwe inazolowera. Kapinga wothiriridwa bwino wa pamakomo a nyumba zogona alendo ndi wa m'mbali mwa misewu ndi msipu wabwino kwa iyo, n'chifukwa chake imapezeka ngakhale mu msewu waukulu wa McKenzie Street, pomwe pali masitolo ndi malo odyera. Kubwera kwake m'tauni sikusonyeza kuti yazolowera anthu kapena kuti ikuwafuna. Ikungodya pamalo pomwe makolo ake ankadya tauniyo isanamangidwe. Mvuu yamphongo imalemera makilogalamu oposa 1,500, ndipo ngakhale ikuoneka yonenepa ndi yaulesi, pa mtunda waufupi imathamanga liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa ola, lomwe munthu wamba sangalipose. Ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse chomwe chaima pakati pa iyo ndi madziwo imachigunda kapena kuchiluma. Yaikazi yomwe ili ndi mwana ndiye siyembekeza n'komwe kuputidwa.

Anthu okhala m'tauniyi amadziwa zonsezi, ndipo m'misewu muli zikwangwani zochenjeza. Amalangiza alendo kuti usiku ayende pagalimoto ngakhale malo omwe akupitawo ali pafupi, kuti akakakamizika kuyenda pansi anyamule tochi, ndiponso kuti akakumana ndi mvuu aipatse mpata waukulu, osaiunika m'maso komanso osaitsekera njira. Zinandipweteka mtima kuona anthu ena akutsika m'galimoto n'kumayandikira mvuu ndi mafoni m'manja, ena atanyamula ana, pofuna chithunzi choti akaonetse anzawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mlendo amene safunsa eni malo za khalidwe la mvuu amadziika yekha m'mavuto, komanso amaika nyamayo pangozi, popeza mvuu yomwe yavulaza munthu nthawi zina mapeto ake imaphedwa.

Ng'ona nazo ndi zambiri. Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi chakuti m'nyanja ya St Lucia muli mvuu pafupifupi 800 ndi ng'ona zoposa 1,000. Kusambira m'ngalandemo n'koletsedwa, ndipo ngakhale kuima m'mphepete mwenimweni mwa madzi powedza kapena posamba m'manja n'koopsa, chifukwa madziwo ndi amatope ndipo ng'ona imabisala pamalo osaya kwambiri osaoneka n'komwe. Njira yabwino yoonera nyamazi ndiyo kukwera maboti ovomerezeka omwe amayenda m'ngalandemo kwa maola awiri kapena kuposerapo. Pa botilo munthu amaona mabanja a mvuu atatsamirana, ng'ona zikuwothera dzuwa zitayasamula kukamwa pofuna kuziziritsa thupi, nkhwazi zikulira pamwamba pa mitengo, akakowa akuwedza m'mabango, komanso mitengo ya mangrove yomwe mizu yake imatulukira pamwamba pa matope kuti ipeze mpweya. M'malo onsewa mwapezeka mitundu ya mbalame yoposa 500, kuphatikizapo avuwo ndi mbalame za flamingo zomwe zimabwera madzi akakhala oziyenera.

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi nkhani yomwe sioneka pa zithunzi. Nyanja ya St Lucia ndi yotambalala, ya masikweya kilomita pafupifupi 350 ikadzaza, koma ndi yosaya, moti m'malo ambiri kuya kwake ndi mita imodzi basi. Madzi osaya chotere amauma msanga dzuwa likawomba. Mitsinje ya Mkhuze, Mzinene, Hluhluwe ndi Nyalazi imathiramo madzi, koma m'zaka za chilala mitsinje imeneyi imaphwa, ndipo kale chomwe chinkapulumutsa nyanjayi ndi mtsinje waukulu wa Mfolozi, umene unkakumana ndi ngalande ya St Lucia pafupi ndi gombe, n'kumathira m'nyanja yamchere pamalo amodzi. Pa nthawi ya chilala mchenga unkatseka mathiriro amenewo, ndipo madzi a Mfolozi ankabwerera m'ngalande n'kukadzaza nyanjayo. Mvula ikachuluka, madzi osefukira ankang'amba mchengawo n'kukokolola matope onse kupita nawo kunyanja yamchere. Kutseka ndi kutseguka kumeneku ndi komwe kunkasunga mchere pa mlingo woyenera, ndipo kunkalola tiana ta nsomba ndi ta nkhanu ta m'nyanja yamchere kulowa m'ngalande kuti tikulire pamalo otetezeka tisanabwererenso.

Alimi a nzimbe atayamba kulima m'dambo la Mfolozi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anakumba ngalande zoumitsira dambolo. Dambo la mabango ndi gumbwa ndilo linkasefa matope a mtsinjewo, choncho litawonongeka matope anayamba kufika ku mathiriro ali ochuluka mpaka kutsekeratu. Akuluakulu a nthawi imeneyo anaganiza kuti vuto ndi mtsinjewo, ndipo mu 1952 anaukumbira mathiriro akeake kum'mwera kuti usakumanenso ndi St Lucia. Kwa zaka pafupifupi 60 makina ankakumba mchenga ndi matope n'kumaziunjika pakati pa madzi awiriwo. Zotsatira zake zinaoneka pa chilala chilichonse chachikulu. Madzi a m'zigawo za kumpoto kwa nyanjayo ankawawa mchere kuposa a m'nyanja yamchere yeniyeniyo, nsomba zinkafa, ndipo ng'ona ndi mvuu zinkaunjikana m'timadziwe tochepa tomwe munali madzi abwino. Namondwe wa Domoina wa mu 1984 anasefukiritsa dera lonselo n'kukokolola zambiri zomwe anthu anamanga pa mathiriro, koma mtsinje unapitirira kulekanitsidwa ndi nyanja. Mu 2002 mathiriro a St Lucia anatsekeka chifukwa cha chilala, ndipo kupatula miyezi yochepa ya mu 2007, anakhala otsekeka kwa zaka zambiri, mbali yaikulu ya nyanjayo n'kusanduka bwalo la matope ouma.

Akatswiri atafufuza anapeza kuti kuchotsa Mfolozi kunamana nyanjayi gawo lalikulu la madzi ake abwino, ndipo mu 2012 oyang'anira malowa analola mtsinjewo kulumikizananso ndi ngalande ya St Lucia. Mu 2016 ntchito yochotsa milu ya mchenga yomwe makina aja anaunjika inayamba, ndi thandizo la ndalama lochokera ku Global Environment Facility kudzera ku World Bank. Madzi anabwerera, nyanja inadzaza, koma mavuto sanathere pomwepo. Mfolozi anabwera ndi matope ake, madzi a m'ngalande anasanduka opanda mchere, mabango anamera pomwe panali mchenga, ndipo mitengo yambiri ya mangrove inafa chifukwa mizu yake inakhala yomira kwa nthawi yaitali. Madzi obwerera m'mbuyo anamiza minda ya nzimbe ya alimi akuluakulu komanso minda ya alimi ang'onoang'ono a m'dera la Sokhulu. Alimi a nzimbe anakasuma kukhoti pofuna kuti mathiriro azikumbidwa madzi akakwera, koma makhoti anagamula mokomera oyang'anira malowa. Kenako mu Januwale 2021 oyang'anira omwewo anabweretsa makina n'kutsegula mathirirowo, zomwe zinakondweretsa asodzi ndi eni maboti koma zinakwiyitsa akatswiri ena a sayansi, mpaka nduna yoona zachilengedwe ya nthawiyo, Barbara Creecy, inakhazikitsa gulu lapadera loti liunike nkhaniyo.

Maganizo anga ndi akuti kubwezera Mfolozi kunali koyenera, chifukwa nyanja yosaya chotere singakhale ndi moyo popanda mtsinje wake waukulu, koma sindingaone mopepuka kulira kwa mlimi amene munda wake wamira kapena msodzi amene nsomba zake zasowa. Cholakwa chinachitika pamene dambo linaumitsidwa, ndipo amene akulipira lero ambiri mwa iwo sanali n'komwe pa chiganizocho. Mlendo amene wadziwa mbiri imeneyi amayang'ana madzi ofiirira a m'ngalandemo ndi maso ena, ndipo akafunsa woyendetsa boti ngati mathiriro ali otseguka kapena otsekeka, amamva zambiri kuposa zomwe zalembedwa pa timapepala totsatsira malonda.

Palinso mbiri ya anthu yomwe siyenera kubisika. M'nthawi ya ulamuliro wa tsankho, mabanja ambiri anachotsedwa mokakamiza kum'mawa kwa nyanjayi kuti boma libzale mitengo ya paini, ndipo ena anasamutsidwa m'dera lina la m'mphepete mwa nyanjayi pamene asilikali anakhazikitsa malo oyeserapo mizinga kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anthu a ku Bhangazi, omwe ndi ena mwa osamutsidwawo, anadandaula za malo awo ulamuliro wa demokalase utafika, ndipo dandaulo lawo linathetsedwa mu 1999, ngakhale sanabwerere kukakhala m'malowo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Richards Bay Minerals inafuna kukumba miyala ya titanium m'milu ya mchenga ya kum'mawa komweko. Anthu ochuluka anasaina zikalata zokana, gulu lounika nkhaniyo lotsogozedwa ndi woweruza Ramon Leon linalangiza mu 1993 kuti mgodiwo usaloledwe, ndipo mu 1996 boma la Nelson Mandela linagamula kuti derali lisungidwe ndipo lipindule kudzera mu zokopa alendo. Chigamulo chimenechi chinali lonjezo kwa anthu a m'midzi yozungulira kuti alendo adzabweretsa ntchito zomwe mgodi ukanabweretsa. N'chifukwa chake ndikuona kuti mlendo ali ndi udindo wolemba ntchito operekeza alendo a m'deralo, kugula zosemasema ndi zolukaluka kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndi kugona m'tauniyo m'malo mongodutsa. Lonjezo lija likapanda kukwaniritsidwa, anthu osauka sadzaona chifukwa chotetezera mvuu yomwe imawadyera mbewu.

Kuchokera m'tauni, msewu wa makilomita pafupifupi 35 umapita kumpoto ku Cape Vidal, kudutsa pakati pa nyanja ya St Lucia kumadzulo ndi milu ya mchenga yokutidwa ndi nkhalango kum'mawa. Milu imeneyi ili m'gulu la milu yaitali kwambiri ya mtundu wake pa dziko lonse, ndipo imagwira ntchito yosunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'madambo. Mitengo ya paini ija inkamwa madzi amenewa, ndipo itadulidwa madambo anabwerera pamodzi ndi nyama zake. Njovu zinabwezeretsedwa mu 2001. Masiku ano woyenda pa msewuwu amatha kuona njati, mbidzi, ngoma, nakodzwe, mphoyo, njiri ndi zipembere, ndipo wamwayi amakumana ndi kambuku m'mawa kwambiri kapena madzulo. M'nkhalango ya ku Cape Vidal muli anchima ndi agwape ofiira, nyama zomwe sizipezeka m'malo ambiri.

Pa msewu umenewu ndi pomwe khalidwe la woyendetsa galimoto limaonekera. Msewuwo ndi wa phula, ndipo munthu amene wakhala maola ambiri pa N2 phazi lake limakhala litazolowera liwiro, moti amathamangira kugombe ngati kuti nyama zili kumapeto kwa msewu kokha. Komatu ambiri mwa ophedwa ndi magalimoto ndi tinyama tomwe woyendetsa sationa n'komwe: anamzikambe, njoka, achule, akamba, ndi tizilombo tokunkhuniza ndowe tomwe timagwira ntchito pakati pa msewu pomwe njovu kapena chipembere chadutsa. Liwiro lololedwa lalembedwa pa zikwangwani, zipata zili ndi nthawi yake yotsegulira ndi yotsekera, ndipo kutsika m'galimoto kumaloledwa pamalo osankhidwa okha. Wofika mochedwa ndiye amathamanga pobwerera poopa kutsekeredwa, pa nthawi yomweyo yomwe nyama zimayamba kuwoloka msewu, choncho ndi bwino kulawirira. Ndionjezepo za apusi, omwe amazungulira pamalo odyera: kuwapatsa chakudya kumaoneka ngati chifundo, koma pusi wozolowera kulandira amayamba kulanda ndi kuluma ana, ndipo pamapeto pake oyang'anira amakakamizika kumupha. Chakudya chisungidwe m'galimoto yotseka mawindo, ndipo zinyalala zitayidwe m'nkhokwe zake zotseka.

Nyengo nayo ndi yofunika kuiganizira pokonza ulendo. Anangumi a mtundu wa humpback amadutsa m'gombe limeneli kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, pochoka ku madzi ozizira a ku Antarctica kupita kukaberekera ku madzi ofunda a kufupi ndi Mozambique ndi Madagascar, ndipo pobwerera amakhala ndi ana awo. Kuyambira cha mu Novembala akamba a m'nyanja a mitundu ya loggerhead ndi leatherback amatuluka usiku kudzaikira mazira mu mchenga, makamaka m'magombe a kumpoto, ndipo tiana timaswa kuyambira cha mu Januwale mpaka Malichi. Ntchito yowerenga ndi kuteteza akamba amenewa inayamba mu 1963 ndipo ikupitirirabe. Tiana ta kamba timapeza nyanja potsata kuwala kwa pamwamba pa madzi, choncho tochi kapena magetsi a galimoto amatisocheretsa n'kutilozera kumtunda komwe timakafera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe akamba amaonedwera pokhapokha pali woperekeza wovomerezeka, komanso zomwe dziko la South Africa linaletsera anthu wamba kuyendetsa magalimoto pa mchenga wa m'gombe kuyambira mu 2002. Amene ali ndi nthawi angathe kupitirira mpaka ku Sodwana Bay, komwe mu 2000 osambira pansi pa nyanja anapeza nsomba zamoyo za coelacanth, mtundu wosowa womwe kale anthu ankaganiza kuti unatha, ndi ku Kosi Bay, komwe anthu a mtundu wa Thonga akhala akugwira nsomba ndi mipanda ya mitengo ndi miono kwa zaka mazanamazana, njira yomwe imalola tinsomba tating'ono kudutsa.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti mukamasindikiza nkhani za maulendo a kumalo ngati amenewa, olemba anu asamalekere pa chithunzi cha mvuu ili pafupi ndi sitolo. Pansi pa chithunzi chotero pazilembedwa chenjezo lomveka bwino loti nyamayo ndi yakuthengo ndipo imapha, ndipo nkhaniyo izifotokoza komwe madzi a malowo amachokera, amene anasamutsidwa kuti malowo akhalepo, ndi malamulo omwe woyendetsa galimoto ayenera kutsata akangolowa pachipata. Ndikupemphanso kuti musamasindikize zithunzi zomwe zikuonetsa munthu ataima pafupi ndi mvuu kapena ng'ona, chifukwa owerenga, makamaka achinyamata, amatengera zomwe aona m'nyuzipepala yomwe amaikhulupirira. Kwa owerenga anzanga omwe akukonza ulendo wa ku KwaZulu-Natal, ndikuti ikani St Lucia pa ndondomeko yanu ngati malo ogonapo masiku angapo, mufike dzuwa lisanalowe kuti muwoloke mlatho uja kukuwala, ndipo musanatuluke usiku woyamba mufunse eni nyumba yomwe mwafikira za misewu yomwe mvuu zikudutsa m'nyengo imeneyo.

Ine wanu wowerenga nyuzipepala ino mokhulupirika.